Funso Limodzi pa Sikirini: Mbiri ya Makompyuta a m'Zipatala za mu Blantyre

Aliyense amene anakulira ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri amakadziwa kabuku ka kuchipatala. Kamakhala m'chikwama cha mayi, apo ayi kunsi kwa matiresi pamodzi ndi ziphaso zina za pakhomo. Pachikuto cha timabuku tambiri pamakhala kapepala koyera komata, kolembedwa ndi makina dzina la mwini wake, tsiku lobadwa, kumudzi kwawo, nambala, ndi timizere takuda timene kalaliki amaunika ndi kamakina kowala mofiira. Kapepalako sikachedwa kutuluka. Koma kuti zifike pamenepa panadutsa zaka zambiri za ntchito yosaoneka ndi maso a odwala, ntchito yokonza mabatani, timabokosi ndi mazenera a pa sikirini ya kompyuta kuti munthu wotopa, amene panja pali mzere womudikira, asasokonezeke. Mbali ina ya ntchito imeneyi inachitikira mu Blantyre momwe muno, ndipo ana athu amene akuphunzira zamakompyuta ayenera kuidziwa.

Mazenera a pa kompyuta anabadwira kutali. Mu 1968 Douglas Engelbart anaonetsa mausi pagulu ku San Francisco. Mu 1973 akatswiri a kampani ya Xerox ku Palo Alto anapanga kompyuta yotchedwa Alto, imene inkayendetsedwa ndi mausi ndi zithunzi za pa sikirini. Apple inatulutsa Macintosh mu 1984, Microsoft nayo inatulutsa Windows mu 1985. Onsewa ankapangira munthu wa mtundu umodzi: wokhala pampando mu ofesi, tebulo lake lotakasuka, manja onse awiri alibe kanthu, magetsi osazima, wodziwa kutayipa, ndipo ali ndi nthawi yowerenga uthenga uliwonse umene kompyuta yamulembera. Munthu wotereyu akhoza kutsegula mazenera angapo nthawi imodzi, kuwasanjikiza, kuwachepetsa, kuwakoka uku ndi uku, osatayika.

Kuno zinthuzi zinafika pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1990, poyamba m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maofesi a mafakitale a ku Makata ndi ku Ginnery Corner. Mu 1997 kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti, ndipo ku Polytechnic, sukulu ya ku Chichiri imene lero ikutchedwa MUBAS, kunali bungwe la SDNP lomwe linalumikiza mabungwe ambiri pa intaneti. Pasanapite nthawi timasukulu ta kompyuta tinamera m'taunimu ndi m'makomboni. Mnyamata wa ku Bangwe kapena mtsikana wa ku Chilomoni akamaliza folomu 4 ankapita kukaphunzira "mapakeji": Word, Excel, Access. Amene anapitirira, ku Polytechnic kapena ku koleji ya NACIT, anakumana ndi Visual Basic, chida chimene Microsoft inatulutsa mu 1991 ndipo mtundu wake wa 6 unatuluka mu 1998. Chidachi chinali chokoma kugwiritsa ntchito. Umatsegula fomu yopanda kanthu, n'kukokerapo batani, kabokosi kolembamo, kamndandanda kosankhapo, kenako n'kulemba zoti zichitike batanilo likadinidwa. Mapulogalamu ambiri owerengera malipiro, katundu wa m'sitolo ndi fizi ya sukulu a nthawi imeneyo anapangidwa motere.

Kupanga kunali kosavuta, kuvuta kunali kokonza. Pulogalamu yoyenda bwinobwino pa kompyuta ya woipanga inkafika pa kompyuta ya kasitomala n'kukana kutseguka, kumangolemba kuti "Run-time error 339", kutanthauza kuti kafayilo kena, monga mscomctl.ocx kapena comdlg32.ocx, kamene kamanyamula timabokosi tina, pa kompyutayo palibe kapena sikanalembetsedwe bwino. Fomu yojambulidwa pa sikirini ya 1024 ndi 768 ikatsegulidwa pa sikirini yakale ya 800 ndi 600, batani losungira zolembedwa linkagwera kunsi, kunja kwa galasi, kalaliki n'kumalemba tsiku lonse osadziwa posungira. Nthawi zina kazenera kakang'ono kofunsa "Yes" kapena "No" kankatseguka kuseri kwa zenera lalikulu. Pulogalamu imadikira yankho, munthu sakuona funso, akadina paliponse kompyuta imangolira kabelu. Apa m'pamene anthu ankanena kuti "yajama", n'kuzimitsa pakhoma, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita. Vuto loipa kuposa onse linali la madeti, chifukwa silinkaoneka msanga. Kompyuta yotcheredwa mwachimereka imayamba ndi mwezi, ife timayamba ndi tsiku. Munthu akalemba 03/04 akutanthauza pa 3 April, kompyuta n'kusunga pa 4 March, osadandaula chilichonse. Vutoli linkadzaoneka patapita nthawi, ndipo pofika apo zolembedwa za milungu ingapo zinali zitapotoka kale.

Mu ofesi ya kampani mavuto otere ankatayitsa nthawi ndi ndalama. M'chipatala nkhani ndi ina. Mu June 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere ndi thandizo la Global Fund, ndipo anthu amene anali atataya chiyembekezo anakhamukira ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, kuchokera m'makomboni onse. Unduna wa Zaumoyo unakonza ndondomeko ya pamapepala yoganiziridwa bwino kwambiri. Wodwala aliyense anali ndi khadi lake losungidwa kuchipatala, panali kaundula wamkulu, ndipo miyezi itatu iliyonse akuluakulu ankabwera kudzawerenga: angati ayamba mankhwala, angati ali moyo, angati amwalira, angati asiya kubwera, angati asamukira kwina. Pa chipatala cha odwala 300 zimenezi zinkatheka. Odwala atafika masauzande, kuwerenga makadi limodzilimodzi kunkatenga masiku, anamwino n'kusiya ntchito zina, ndipo zowerengazo sizinkagwirizana nthawi zonse. Panafunika kompyuta. Koma kompyuta yamtundu wanji, m'chipinda chimene dokotala mmodzi akuona anthu osatha tsiku lonse, magetsi akuthimathima, fumbi likulowa pawindo, ndipo ambiri ogwira ntchito sanagwirepo mausi chibadwire?

Yankho linali litayamba kale kuyesedwa ku Lilongwe. Gerry Douglas, katswiri wa makompyuta amene anagwirapo ntchito yodzipereka ku Unduna wa Zaumoyo m'zaka za m'ma 1990, anayambitsa bungwe la Baobab Health, ndipo mu 2001 anaika makompyuta ake oyamba ku chigawo cha ana pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Makinawo anali ndi mbiri yawo. Kampani ina ya ku America yotchedwa Netpliance inkagulitsa pa madola 99 kakompyuta kotsegulira intaneti kokha, dzina lake i-Opener. Bizinesiyo sinayende, makinawo n'kuyamba kugulitsidwa motchipa pa eBay. Analibe fani yokoka fumbi, analibe disiki yozungulira yosachedwa kufa, sankadya magetsi ambiri, ndipo galasi lake linali la mainchesi 10. A Baobab ankawagula, n'kuwavundikira galasi lomva chala, n'kuwakonza kuti azilandira magetsi kudzera mu waya womwewo wa netiweki, kuchokera ku mabatire akuluakulu oikidwa pamodzi ndi seva. Magetsi a ESCOM akazima, masikirini ankakhalabe oyaka. Panalinso phindu lina: makina oterewa sangathandize munthu kunyumba, choncho wakuba analibe nawo chidwi.

Mu April 2006 ndondomeko ya Baobab yoyang'anira omwa ma ARV inayamba kuyesedwa ku Gulupu. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu inali pa zimene anachotsa. Mausi anaichotsa. Kiyibodi ya patebulo anaichotsa. Mazenera osanjikizana anawachotsanso, moti panalibe kazenera kobisala kuseri kwa kanzake, panalibe chochepetsa, chokoka kapena chotseka mwangozi. Fomu ya masiku a Visual Basic inkakhala yothithikana ngati mabenchi a mumsika wa Ndirande, timabokosi 30 pa tsamba limodzi. Apa sikirini yonse inkafunsa funso limodzi lokha. Wodwala akulemera bwanji? Pansi pali manambala akuluakulu oti udine ndi chala, pakona pali batani lopitira kutsogolo, pambali pake lobwerera. Wayankha, funso lina labwera. Mabataniwo ankakhala malo omwewo pa tsamba lililonse, mpaka chala chinkazolowera kupita chokha. Kukula kwa mabatani sikunali kokongoletsa. Kale mu 1954 Paul Fitts anaonetsa kuti dzanja limafika msanga, ndiponso mosaphonya, pa chinthu chachikulu ndi chapafupi kusiyana ndi chaching'ono chakutali, ndipo nsonga ya chala ndi yonenepa kuposa kamuvi ka mausi.

Pulogalamuyi inadzamangidwa pa zida zaulere: Linux, MySQL ndi Ruby on Rails, ndipo kasungidwe ka zolembedwa kanatsatira ka pulogalamu ina ya zachipatala yotchedwa OpenMRS. Gulu la Baobab linalemba kachida kake kotchedwa Touchscreen Toolkit, kamene kankatenga fomu wamba ya pa intaneti n'kuigawa yokha kukhala masamba a funso limodzilimodzi. Ubwino wake unali woti vuto la batani likakonzedwa pamalo amodzi, lakonzeka m'masamba onse. Amalawi monga Soyapi Mumba ndi Oliver Gadabu anali pakati pa ntchitoyi kuyambira zaka zoyambirirazo, ndipo Mumba anakaifotokoza pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2017. Pofika 2010, pamene gululi linalemba za ntchito yake mu magazini ya PLoS Medicine, odwala oposa 40,000 anali atalembedwa mu ndondomekoyi pa zipatala 6.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mmene masikiriniwa anaphunzirira moyo wathu. Kabokosi ka tsiku lobadwa kochokera kunja kamafuna tsiku, mwezi ndi chaka, ndipo sikakulola kupitirira usanalembe. Nanga agogo ochokera ku Chigumula kapena ku Lunzu amene amangodziwa kuti anabadwa njala ya 1949 itangotha? Kalaliki wokanikizidwa ndi kabokosi kotere amalemba bodza, chifukwa mzere sudikira. A Baobab anaika batani lovomera kuti tsikulo silikudziwika, kenako funso la zaka zongoyerekeza, ndipo kompyuta inkasunga chizindikiro chakuti detilo ndi loyerekeza. Kabokosi ka adiresi nakonso kanasintha. M'malo mwa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, zimene ku Ndirande kapena ku Bangwe sizingakufikitse pakhomo pa munthu, kankafunsa boma, mfumu yaikulu, mudzi, ndi chizindikiro chapafupi monga tchalitchi, sukulu kapena chigayo. Pofufuza maina anakonza njira yoyang'ana kamvekedwe ka dzina mogwirizana ndi zilankhulo zathu, kuti munthu amene analembedwa Phiri mwezi watha ndipo lero walembedwa Phili apezeke kuti ndi yemweyo. Zinthu izi sizingaganiziridwe uli mu ofesi. Zimapezeka ukaima kumbuyo kwa kalaliki tsiku lotanganidwa n'kuona pamene chala chake chaima m'malere.

Sikirini inkathandizanso dokotala kuganiza. Kulemera kwa thupi kosatheka, monga makilogalamu 650 m'malo mwa 65, inkakukana pomwepo wodwala akadali m'chipindamo, pamene kumuyezanso n'kosavuta. Namwino akawerenga mapilitsi otsala m'botolo, kompyuta inkawerengetsa yokha ngati munthuyo wakhala akumwa mokhulupirika, n'kupereka tsiku lodzabweranso molingana ndi mankhwala amene wapatsidwa. Lipoti la miyezi itatu lija, limene linkadya masiku, linkatuluka m'kanthawi kochepa.

Gulupu sikanatha kunyamula mzinda wonse, choncho ntchito yopereka ma ARV inagawidwa ku zipatala zazing'ono za m'makomboni: Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Limbe, ndi South Lunzu ku Machinjiri. Masikirini anatsatira odwala ku zipatala zotanganidwa, ndipo pa Gulupu pomwepo anafalikira ku kiliniki ya matenda a shuga ndi ku zipinda zogonera odwala akuluakulu. Mavuto akale a mazenera anatha, koma kunabadwa ena atsopano. Galasi lomva chala likakalamba limayamba kuphonya, iwe ukudina 7 ilo likulemba 8, mpaka wina abwere kudzalitchera. Pulinta ya timapepala tomata ikatha pepala kapena ikadya pepala, ntchito imaima ngakhale pulogalamu ilibe vuto. Waya wa netiweki ukadyedwa ndi makoswe kudenga, sikirini imayaka koma siyankha. Mabatire amagwira zaka zowerengeka, kenako amafooka, ndipo kufooka kwawo kumadziwika tsiku limene magetsi azima kwa maola ambiri, monga zinkachitikira mu 2017, kapena mu 2022 namondwe wotchedwa Ana atagumula damu la Kapichira. Pa masiku otere ogwira ntchito amabwerera ku mapepala, kenako n'kudzalowetsa zonse mu kompyuta pambuyo pake, ndipo zolakwika zambiri zimalowera pamenepo.

Wokonza wodziwa ntchito anaphunzira kufunsa mwadongosolo asanakhudze pulogalamu. Zavuta pa sikirini imodzi kapena onse? Zavuta kwa munthu mmodzi kapena kwa aliyense amene walowa? Zavuta pa wodwala mmodzi kapena pa onse? Mafunso atatuwa amalekanitsa vuto la waya, la seva, la chilolezo cha wogwiritsa ntchito, ndi la zolembedwa za wodwala mmodzi zimene zinalowa mopotoka kale. Kawirikawiri namwino akanena kuti "batani silikudinika", batanilo lilibe mlandu. Pulogalamu ikukana kupitirira chifukwa tsamba lina lakumbuyo silinayankhidwe, koma sikumuuza. Kukonza kwenikweni pamenepo ndi kulemba uthenga womveka, wonena chimene chasowa ndi kumene angachipeze.

Njira ya funso limodzi ili ndi mtengo wake, ndipo sindibisa. Kwa munthu watsopano ndi yabwino zedi, amaiphunzira tsiku limodzi. Kwa kiliniko ofesala amene wakhala akuidina zaka zisanu, kudutsa masamba ambirimbiri pa wodwala amene alibe dandaulo lililonse kumatopetsa, ndipo munthu wotopa amayamba kudina osawerenga. Funso lililonse lowonjezedwa ndi ofesi ya kulikulu kapena ndi bungwe lopereka ndalama limatalikitsa mzere wa panja. Ndipo malamulo a mankhwala sankakhala malo amodzi. Mlingo wa CD4 woyambira mankhwala unakwera kuchoka pa 250 kufika pa 350 mu 2011, chaka chomwecho chimene Malawi anayambitsa Option B+ yopatsa ma ARV amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa omwe ali ndi kachilombo. Mu 2014 unafika pa 500, ndipo mu 2016 aliyense wopezeka nako anayamba kulandira mankhwala mosayang'ana mlingo. Mankhwala enieniwo anasintha kuchoka pa 1A kupita pa 5A, kenako pa 13A. Kusintha kulikonse kunkatanthauza kutsegula pulogalamu, kusuntha mafunso, kuwonjezera mabatani, kuyesa, ndi kuonetsetsa kuti lipoti la odwala akale silinasokonekere. Ntchito yotere ilibe tsiku lomaliza.

Mfundo ya kufunsa pang'onopang'ono inaonekeranso pa zida zina. Mu 2012 bungwe la Meningitis Research Foundation, mogwirizana ndi Malawi-Liverpool-Wellcome Trust ndi D-tree International, linayambitsa Chipatala Robot pa zipatala za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Mpemba. Alangizi a zaumoyo ankayenda pamzere wa amayi obereka ana, foni ili m'manja, akuyankha mafunso a zizindikiro zoopsa, ndipo foniyo inkaika mwana pa mtundu wofiira, wachikasu kapena wobiriwira monga maloboti a pamsewu. Mwana wodwalitsitsa ankalowa msanga osadikira kuti ofika m'mbandakucha athe. Mafunsowo anachokera mu ndondomeko ya ETAT, imene inakulira pa chigawo cha ana cha Gulupu pansi pa Pulofesa Elizabeth Molyneux, n'kufalikira maiko ambiri kudzera ku bungwe la WHO.

Mu 2019 udindo woyendetsa makompyuta a makiliniki a ma ARV unachoka ku Baobab Health Trust kupita ku bungwe la EGPAF, ndi ndalama za boma la America za PEPFAR kudzera ku CDC. Pa nthawiyo omwa mankhwalawa m'dziko muno anali atadutsa 800,000. Ma i-Opener anali atapuma kalekale, m'malo mwake muli makina atsopano ndi matabuleti, ndipo pulogalamu inalembedwanso ndi zida zamakono. Ndikayang'ana mapulogalamu ena amene achinyamata athu akupangira masukulu, ma SACCO ndi timakiliniki ta anthu wamba, ndimaona matenda akale akubwerera atavala zatsopano: tilembo tating'ono totuwa pa tsamba loyera, kazenera kotumphukira pamwamba pa kanzake, kabokosi ka deti kosalola munthu kunena kuti sakudziwa, tsamba lojambulidwa pa laputopu yamphamvu limene pa kompyuta yakale ya kalaliki limatenga mphindi kuti litseguke. Zonsezi zinathetsedwa kale m'dziko muno ndi anthu amene ambiri a iwo ali moyo ndipo akugwira ntchito. Ku MUBAS ndi ku masukulu ena wophunzira asamapatsidwe digiri asanakakhale sabata pambali pa kalaliki wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa, akuyang'ana osalankhula.

Nkhawa yanga ina ndi ya ndalama. Mu January 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lopita kunja, ndipo ntchito zambiri za HIV m'maiko athu ano zinagwedezeka. Zinaonekeratu kuti malipiro a anthu olemba mapulogalamuwa, mafuta a galimoto yopita kukasintha batire ku South Lunzu, ndi munthu woyankha foni namwino akaimba kuti sikirini yaima, zambiri zinkadalira thumba la kunja. Unduna wa Zaumoyo uli ndi nthambi yake yoona za makompyuta, ndipo pulogalamuyi inamangidwa pa zida zaulere, choncho palibe kampani ya kunja imene ingatilande. Chofunika ndi chakuti okonzawo alowe mu bajeti ya boma monga alowera anamwino ndi ogwira ntchito ku labu, akhale ndi malo awo pa ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre, ndi njinga yamoto yofikira ku Bangwe tsiku lomwelo vuto likanenedwa.